MTENGO WA MAFUTA NDI KOPE LA NDALAMA ZA PANYUMBA

Nkhani yokamba a brigada yophunzitsa kulemba ndi kuŵerenga m'maboma a Tsangano ndi Macanga



Lero sitiyamba ndi zilembo. Tiyamba ndi manambala, pakuti nkhani imene tadza nayo ndi ya ndalama. Tikamba za mafuta a galimoto: petulo, amene ambiri kuno timati gazolina, ndiponso dizilo.

Wina anganene kuti, "Ine ndiribe galimoto, ndiribe njinga yamoto, ndimayenda pansi. Mtengo wa petulo undikhudza bwanji?" Funso limeneli nlabwino. Koma taganizani, amayi. Ufa umene munaphikira nsima dzulo unagayidwa kuti? Zigayo zambiri m'midzi mwathu zimayendera dizilo. Mchere umene munathira m'ndiwo sunachoke m'munda mwanu, unabwera pagalimoto. Sopo, shuga, mafuta ophikira ndi feteleza, zonsezi zinakwera galimoto. Mbatatesi za ku Tsangano zimapita ku Tete pa lole. Fodya wa ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo amatsikira ku fakitale ya ku Tete pa lole. Chotero ngakhale gogo amene sanagulepo lita imodzi ya petulo chibadwire, amalipira mafuta sabata ndi sabata. Kungoti amalipira kuchigayo, kusitolo ndi kumsika.

Tsono yang'anani pabolodi. Talembapo nambala iyi: 62,50 MT. Tiŵerenge pamodzi. Kachizindikiro kali pakatipo kamalekanitsa mametikali ndi masentavo. Kumanzere kuli mametikali 62, kumanja kuli masentavo 50. Umenewu unali mtengo wa lita imodzi ya petulo kuchiyambi kwa mwezi wa Okutobala, chaka cha 2021. Mwezi womwewo mtengo unafika pa 69,04. Mu Malichi 2022 unafika pa 77,39. Mu Meyi unafika pa 83,30. Mu Julayi 2022 unafika pa 86,97. Chotsani 62,50 pa 86,97. Yankho ndi 24,47. M'miyezi yosakwana khumi, lita iriyonse inakwera ndi mametikali oposa 24.

Dizilo ndiye anachita kunyanya. Anachoka pa 57,45 nafika pa 87,97. Kale tinkadziŵa kuti dizilo ngwotsika mtengo kuposa petulo, koma mu Julayi 2022 anampitirira. Ndipo dizilo ndiye mafuta a lole ndi a chigayo, ndiye mafuta a munthu wa kumudzi.

Mitengo tatchulayi, imene bungwe la boma la ARENE linkalengeza pa wailesi mu 2022, inali ya m'mizinda ya madoko, monga Maputo, Beira ndi Nacala. Kwathu kuno inali yoposa pamenepo. Nchifukwa ninji? Mafuta amatsika m'sitima ku Beira. Kuchoka ku Beira kufika ku Tete pali makilomita pafupifupi 600, kudzera ku Catandica, Guro ndi Changara. Akaoloka Zambezi ayenera kukweranso mapiri kuti afike ku Ulóngue, ku Tsangano kapena ku Furancungo. Thanki yonyamula mafuta nayonso imamwa mafuta, ndipo ulendo wonsewo amalipira ndi wogula wotsiriza. Wogula wotsirizayo ndife.

M'zaka zotsatira mitengo inasinthanso, nthaŵi zina kukwera, nthaŵi zina kutsikako pang'ono. Koma kodi mtengo wa chigayo unayamba watsikapo kwanuko? Mtengo wa chapa ukakwera, kubwerera pansi kumavuta.

Ena amafunsa kuti, "Dziko lathu liri ndi malasha ku Moatize, magetsi ku Cahora Bassa, gasi ku Pande ndi ku Temane. Nanga petulo avutiranji?" Yankho nlakuti petulo ndi dizilo amayengedwa kuchokera ku mafuta akuda a pansi pa nthaka, ndipo amene timagwiritsa ntchito m'dziko muno timachita kugula kunja, oyenga kale. Sitigula ndi metikali, timagula ndi dola ya ku America. Mu 2022 dola imodzi inali pafupifupi mametikali 64. Pamsika wa dziko lonse mafuta akudawo amagulitsidwa pa mgolo wa malita 159. Mu 2021 mgolo umodzi unali pafupifupi madola 70. Pa 24 Febuluwale 2022 dziko la Russia linaloŵa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine. Russia ndi limodzi la maiko ogulitsa mafuta ambiri, ndiponso feteleza. Mwezi wotsatira mgolo unapitirira madola 120. Nkhondo inali kutali, koma inafika mpaka pachigayo cha ku Ntengo-wa-Mbalame. Zoterezi zinachitikanso mu 1973, pamene mtengo wa mgolo unakwera pafupifupi kanayi m'miyezi yochepa. Zidzachitikanso, ndipo sadzayamba atifunsa.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa mpamene pagona nkhani. Munthu wa pantchito m'tauni mafuta akakwera amapwetekeka mbali imodzi, pogula. Mlimi amapwetekeka mbali ziŵiri. Akapita kukagula thumba la feteleza, amamuuza kuti, "Takweza, mafuta akwera." Akabwera wogula mbatatesi ndi lole yake pamunda, amamuuza kuti, "Nditsitsako mtengo, mafuta akwera." Mawu ndi amodzi omwewo. Pogula akutikweza nawo, pogulitsa akutitsitsa nawo. Ndipo ndalama za mlimi sizibwera mwezi ndi mwezi. Wa fodya amalandira pa nyengo imodzi pa chaka, kampani itachotsa kale ngongole ya zipangizo. Wa mbatatesi amalandira pokumba, ndipo ngati ali ndi dimba amalandiranso m'chilimwe. Ndalama zimaloŵa kamodzi kapena kaŵiri, koma zimatuluka tsiku ndi tsiku.

Ife a brigada sitingatsitse mtengo wa mafuta. Inunso simungathe. Chimene tingathe ndi kudziŵa kumene ndalama zathu zikupita. Chida chake muli nacho kale m'manja: kope ndi pensulo.

Tsegulani tsamba latsopano. Lembani mzere pakati, kuchokera pamwamba kufika pansi. Kumanzere lembani mawu akuti ZOLOŴA. Kumanja lembani mawu akuti ZOTULUKA. Amene sanafike pa zilembo zonse asachite manyazi. Jambulani kathumba pamalo pa chigayo, jambulani gudumu pamalo pa ulendo, kenaka lembani nambala pambali pake. Nambala ndiyo yofunika.

Tiyeni tiyeseze ndi banja longoyerekeza. Manambala aŵa ndi ophunzirira chabe, anu mudzalemba kunyumba. Tinene kuti banja lagulitsa zokolola napeza 36 000 MT. Tsiku limenelo ndalama zimaoneka zambiri, m'nyumba muli chimwemwe. Koma zonsezo si zodya. Choyamba tichotse za munda wa chaka chamaŵa, feteleza ndi mbewu, tinene 12 000. Zatsala zingati? Zatsala 24 000. Chaka chiri ndi miyezi 12. Gaŵani 24 000 pa 12. Mwezi uliwonse ulandira 2 000 MT. Imeneyi ndiyo malipiro a banjali. Si 36 000 ayi, koma 2 000 pa mwezi.

M'kati mwa 2 000 imeneyo, tinene kuti maulendo amadya 400 ndipo chigayo chimadya 200. Mafuta akwera. Maulendo omwewo tsopano ndi 550, chigayo ndi 250. Zawonjezeka 200 pa mwezi. Pamaso mpang'ono, munthu sangadandaule nazo. Koma chulukitsani 200 ndi 12. Yankho ndi 2 400 MT, kuposa ndalama za mwezi wathunthu. Banjali likapitiriza kuyenda monga kale, ndalama zidzatha mwezi wa 11 usanathe. Apa sitinaŵerengere sopo ndi mchere, zimene nazonso zakwera. Tsono mwezi wosoŵawo udzadya chiyani? Tonse tikudziŵa. Adzapasula nkhokwe nagulitsa chimanga chodya. Kapena adzatenga katapila. Kapena bambo adzasiya munda wake nakagwira ganyu m'munda wa wina. Kope limatiwonetsa dzenjelo miyezi khumi tisanafikepo, nthaŵi yolikwirira ikadalipo.

Tingalikwirire ndi chiyani? Tiyambe ndi maulendo, popeza mpamene mafuta amaonekera poyera. Kwa mwezi umodzi lembani ulendo uliwonse wolipira, ndi chimene munapitira. Mwezi ukatha ŵerengani. Mudzapeza kuti Lolemba munapita ku vila kukagula mankhwala a mbatatesi, Lachitatu amayi anapita kusikelo ndi mwana, Loŵeruka mnyamata anatumidwa kukagula mchere. Maulendo atatu, njira imodzi. Akanakambirana Lamulungu madzulo, ulendo umodzi ukanakwanira. Mabanja oyandikana angachitenso chimodzimodzi. Mmodzi akapita, anyamule kapepala ka zofuna za anzake. Kapepalako adzalemba ndani? Mudzalemba ndinu, ndipo simudzafunanso mwana wa sukulu kuti akuŵerengereni chenji.

Ndalama nazonso siziyenera kukwera chapa. Kumene netiweki imagwira, mwana ali ku sekondale ku Ulóngue kapena ku Tete angalandire pa foni, pa M-Pesa kapena e-Mola. Pali kamtengo kotumizira ndi kotapira. Kalembeni m'kope, kenaka mukayerekeze ndi mtengo wa ulendo wopita ndi kubwera.

Pa nkhani ya zokolola tingonena mwachidule, chifukwa inu mukuidziŵa kuposa ife. Mlimi mmodzi wa matumba khumi alibe mawu pamaso pa mwini lole. Alimi khumi a matumba zana amadzaza lole, ndipo mtengo amakambirana. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono tifike pa njinga yamoto. Apa tikhalitsapo, chifukwa njinga zimenezi zachuluka m'midzi, ndipo zatithandiza. Zanyamula odwala, zanyamula feteleza, zapatsa anyamata ntchito. Koma njinga yamoto iri ngati chiŵeto chimene sichidya udzu. Munthu wothira malita khumi pa mwezi ankalipira 625 MT kuchiyambi kwa Okutobala 2021. Mu Julayi 2022 malita omwewo anali 869,70 MT. Kusiyana kwake ndi 244,70 pa mwezi, pafupifupi 2 900 MT pa chaka, ndipo umenewo ndi mtengo wa ku Beira, osati wa kuno.

Abambo a njinga, kodi mukudziŵa kuti lita imodzi imakufikitsani pati? Ambiri tikaŵafunsa amangogwedeza njinga namvera mmene mafuta akulirira m'thanki. Yesani chonchi. Dzazani thanki, nimulembe nambala ya makilomita imene iri pa wotchi ya njinga. Podzazanso, lembani nambala yatsopano ndi malita amene aloŵa. Chotsani nambala yakale pa yatsopano, nimugaŵe ndi malitawo. Ngati wotchi inafa, ŵerengani maulendo a njira imene mumaidziŵa. Mukatero kaŵiri kapena katatu mudzaidziŵa njinga yanu. Tsiku lina ikadzayamba kumwa kwambiri, kope lidzakuuzani msanga. Kaŵirikaŵiri chifukwa chake sichachikulu: matayala ochepa mpweya, tcheni chouma, pulagi yakuda, kapena sefa ya mpweya yodzaza fumbi la m'chilimwe. Kupopa tayala nkwaulere. Liŵiro nalonso limamwa mafuta, ndiponso katundu wopitirira muyezo.

Anyamata onyamula anthu pa njinga, achimwene athu, ndalama zimene ziri m'thumba madzulo si zonse zanu. Tinene kuti mwapeza 600 MT pa tsiku. Mwathira malita atatu pa 95 MT, ndiye kuti 285. Zatsala 315. Oilo, tayala ndi mabuleki sizigulidwa lero, koma zikutha lero. Ziikireni 65 padera. Zatsala 250. Ngati njinga ndi ya wina, mwiniyo achotsenso zake. Chotsalacho ndicho chanu. Mnyamata wosaŵerengera amadya tayala lake osadziŵa, ndipo tsiku lophulika tayalalo njinga imagona m'nyumba mwezi wathunthu. Woŵerengera amathanso kufotokozera wokwera chifukwa chimene wakwezera mtengo, popanda mkangano.

Nanga petulo wa m'mabotolo? Kutali ndi pampu, ogulitsa m'mbali mwa msewu amatithandiza, ndipo ndi ana athu omwe. Koma funsani botolo kuti nlalikulu bwanji. Botolo la theka la lita pa 60 MT ndiye kuti lita ndi 120. Ngati ku pampu ndi 95, mukulipira 25 yapamwamba pa lita iriyonse. Kodi tsono muthamangire ku pampu? Ŵerengerani kaye. Ngati pampu iri pa makilomita 30, kupita ndi kubwera ndi 60, ndipo mudzawotcha mafuta oposa lita imodzi kuti mupulumutse 50 MT pa malita aŵiri. Pamenepo wa botolo ndiye wotchipa. Dzazani thanki ku pampu tsiku limene mwapitira zina. Ndipo petulo wotsika mtengo modabwitsa mumuwope. Wosakaniza ndi palafini amawononga injini, ndipo kukonzetsa injini kumaposa zonse zimene munapulumutsa.

Ena akamva kuti mtengo ukwera amagula zigubu nasunga m'nyumba. Makolo athu, ichi chokha tikupemphani. Petulo asagone m'nyumba yogona anthu, kapena pafupi ndi moto, nyali ndi fodya wokoka. Sayaka madzi ake okha, mpweya wake umene umayaka, ndipo umayenda pansi kufuna moto. Tonse a chigawo cha Tete tikukumbukira za ku Caphiridzange, m'boma la Moatize. Pa 17 Novembala 2016 thanki imene inanyamula petulo kuchoka ku Beira kupita ku Malaŵi inaphulika anthu akutunga mafuta ndi zigubu. Anafa anthu oposa 70, pamodzi ndi ana, ndipo ambiri anapsa. Anali anthu osauka onga ife, ofuna kupeza kangachepe.

Alimi a m'dimba amene muli ndi motobomba, injini yopopera madzi, patulani tsamba lakelake. Lembani lita iriyonse kuyambira tsiku lobzala kufika tsiku logulitsa. Pali mbewu zina zimene zimabweza mafutawo, pali zina zimene sizibweza, makamaka pamene aliyense wabzala kabichi nthaŵi imodzi ndipo msika wadzaza. Thirirani m'maŵa kapena madzulo, dzuŵa lisanamwe madzi anu. Phimbirani nthaka ndi udzu. Matani paipi yodontha. Ndipo kumene mtsinje uli pamwamba pa munda, monga m'mapiri ambiri a ku Tsangano, ngalande zimene alimi anakumba okha zimatsitsa madzi popanda lita ndi imodzi yomwe. Ngalande imafuna makasu ndi kumvana pa masiku othirira. Kumvanako nkovuta, tikudziŵa, koma sikugulidwa ndi dola.

Pali chinthu china cha ife a m'malire. Ambiri timagula ndi kugulitsa ku Biriwiri, ku Tsangano Turn-off kapena ku Dedza, ndipo m'thumba mumakhala metikali ndi kwacha pamodzi. Mu Meyi 2022 boma la Malaŵi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 pa 100 iriyonse. Mu Novembala 2023 linatsitsanso ndi 44 pa 100. Amene anasunga makwacha pansi pa mphasa anadzuka ali ndi mapepala omwewo, koma ogula zochepa. Kope lanu likhale la ndalama ya mtundu umodzi. Mukalandira makwacha, lembani mtengo wake m'mametikali tsiku lomwelo. Mukasakaniza, masamu anu adzakunamizani.

Kodi kope lisungidwe ndi yani? Tikudziŵa kuti m'mabanja ambiri ndalama za fodya ndi za mbatatesi zimagwiridwa ndi abambo, pamene za chigayo, mchere ndi sopo zimafunidwa kwa amayi. Mafuta akakwera, amayi ndiwo amayamba kumva, chifukwa ndalama imene amapatsidwa ndi yomweyo koma kuchigayo akweza. Akapempha yowonjezera amauzidwa kuti ngowononga. Kope likakhala la anthu aŵiri, mlandu umenewu umatha msanga, pakuti nambala iri poyera. M'kalasi muno amayi ndinu ambiri. Ena mwa inu mukulemba manambala bwino kuposa abambo a kunyumba, ndipo tikunena zimene taona m'makope anu. Abambo, musachite nazo manyazi. Munda munalima aŵiri.

Ndipo zonse zilembedwe. Moŵa ulembedwe. Mayunitsi a foni alembedwe. Ife ndife ana anu, sitinganene kuti muleke moŵa. Tangoti ulembedwe, pamzere wake, pafupi ndi mzere wa chigayo, kenaka mwezi ukatha muyang'ane nokha.

Pali ndalama imodzi imene siyenera kudulidwa ngakhale zinthu zitavuta chotani. Ndi ndalama ya ulendo wa kuchipatala. Matenda sabwera tsiku la msika. Mayi woyembekezera akayamba kumva m'mimba usiku, mwini njinga adzafuna ya mafuta asanalize injini, ndipo usiku mtengo sukambidwa. Funsani lero kuti ulendo wa usiku kuchoka kwanu kufika kuchipatala ndi ndalama zingati. Ikani ndalama imeneyo padera tsiku lomwe mwagulitsa zokolola, isanaloŵe m'masamu ena onse. Mafuta akakwera, funsaninso, nimuwonjezere. Amene muli m'magulu osunga ndi kubwereketsana, kapena a chipereganyu chimene anzathu a kum'mwera amati xitique, kambiranani kuti gulu likhale ndi thumba la ulendo woterewu.

Tisakunamizeni kuti kope lidzathetsa zonse. Pali mabanja amene alibe chodula, chifukwa anadula kale zonse. Pali zina zimene ndi za boma. Msewu woipa umamwetsa lole mafuta ambiri, ndipo mwini lole amabweza pa mtengo wa mbatatesi zathu. Mu Febuluwale 2008 anthu a ku Maputo anatseka misewu chifukwa cha kukwera kwa mtengo wa chapa, mpaka boma linabweza mtengowo. Mu Ogasiti 2022 Pulezidenti Filipe Nyusi analengeza njira zopepuzira chuma, ndipo imodzi inali kutsitsa msonkho wa IVA kuchoka pa 17 kufika pa 16 pa 100. Katundu wa 117 MT anayenera kukhala 116. Munthu wodziŵa masamu amatha kuona yekha kukula kwa thandizo limenelo. Amathanso kuima pamsonkhano wa kwa anyakwaŵa kapena wa ku boma, natsegula kope, nanena kuti, "Chaka chatha thumba limodzi kufika kumsewu waukulu ndinkalipira mwakuti, chaka chino ndikulipira mwakuti." Mawu otero savuta kuŵamva.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi. Kuyambira maŵa kufikira tsiku limene tidzakumanenso, lembani ndalama iriyonse yotuluka m'nyumba, ngakhale metikali imodzi. Pambali pa chinthu chirichonse chimene chinakwera galimoto, kapena chinadutsa pa injini, jambulani kagudumu. Funsaninso mtengo wa lita ya petulo pamalo aŵiri, ku pampu ndi kwa wa botolo, nimulembe tsiku lake. Amene alibe kope atsale pang'ono tikaŵeruka, tiri ndi mapepala oŵagaŵira.